Lipoti la Nkhani: Ejenti wa ku Limbe wodwala mutu, chala chachikulu ndi kusowa tulo

Wodwala ndi chimene anabwerera

Mayi wa zaka 29, wokhala ku Ndirande, amagwira ntchito ya uejenti wa Airtel Money ndi Mpamba pakabenchi ka m'mbali mwa msewu ku Limbe. Ali ndi mwana wa miyezi 9 amene akuyamwa, ndipo amuna awo ali ku Joni. Dzina lawo ndi zina zowazindikiritsa zachotsedwa m'lipotili. Anafika kuchipatala mu Seputembala akudandaula mutu umene unali utatha miyezi inayi. Mawu awo oyamba anali akuti, "Adokotala, ndiyezeni BP, mwina yakwera. Mutuwu umangokhala ngati wina wandimanga duku lothina."

Mutuwo unkayamba chakumasana, kumbuyo kwa khosi, n'kukwera mpaka pachipumi mbali zonse ziwiri. Sunali wogunda, sunkawasanzitsa, ndipo m'mawa ankadzuka uli bwinoko. Madandaulo ena anatuluka limodzilimodzi atafunsidwa mofatsa: mapewa olemera, maso oyabwa ngati mwalowa mchenga, ululu patsinde pa chala chachikulu cha dzanja lamanja, ndi mtima kugunda mothamanga foni ikalira. Za tulo sanazitchule okha, poti kwa iwo mayi woyamwitsa aliyense sagona.

Mankhwala amene ankamwa ndi mbali yaikulu ya nkhaniyi. Panado mapiritsi awiri, kawiri kapena katatu patsiku, masiku pafupifupi 20 pamwezi. Bufen chala chikavuta, nthawi zambiri m'mimba mulibe kanthu. Piriton usiku kuti agone. Anamwaponso LA wongogula, osayezetsa magazi. Pamwamba pa izi panali tiyi wamphamvu makapu atatu ndi botolo la chakumwa chopatsa mphamvu cha m'ma 3 koloko masana, tulo tikayamba kuwagwira pabenchi.

Zimene zinapezeka poyeza

Mutu wa miyezi inayi suyenera kunenedwa kuti wabwera chifukwa cha foni tisanatsimikize kuti palibe matenda oopsa. Panalibe kutentha thupi, kuuma khosi, kusanza m'mawa, kukomoka, kufooka mbali imodzi kapena kuona zinthu ziwiriziwiri. BP inali 126/80 atapuma mphindi zisanu, mtima ukugunda ka 94 pamphindi. Malungo sanapezeke, mlingo wa magazi unali 12.6, shuga anali bwino, chithokomiro sichinatupe, ndipo HIV sinapezeke. Kuyeza HIV n'kofunika kuno, chifukwa mutu wosatha mwa munthu amene chitetezo chake chatsika ukhoza kukhala matenda oumitsa khosi a cryptococcus, amene sachedwa kupha.

Minofu ya pamwamba pa mapewa ndi ya m'munsi mwa chigaza inali yolimba, ndipo kuisindikiza kunabweretsa mutu womwe uja. Khosi linkatembenuka mbali zonse, mphamvu za manja zinali zofanana, panalibe dzanzi lotsikira kumkono.

Padzanja lamanja panali katupi kakang'ono pafupa la m'mbali mwa mfundo ya dzanja, kumbali ya chala chachikulu. Atapinda chalacho m'chikhatho, n'kuchifumbatira ndi zala zina, n'kupendekera dzanja kumbali ya kachala kakang'ono, ululu unali wobaya moti anabweza mkono. Muyeso umenewu ambiri amautchula kuti wa Finkelstein ngakhale kwenikweni ndi wa Eichhoff, ndipo umapwetekako ngakhale munthu wabwinobwino, n'chifukwa chake manja onse awiri amafanizidwa. Lamanzere linangomva kukokeka. Zala zinalibe dzanzi, kotero vuto la mtsempha wopanikizika pakati pa mfundo ya dzanja linachotsedwa.

Maso ankaona bwinobwino (6/6) onse awiri, koma anali ofiirirako m'mbali. Powayang'anitsitsa akuyankha uthenga pafoni, panadutsa masekondi ambiri asanaphethire.

Foni inayezedwanso

Odwala ambiri amachepetsa maola amene amakhala pafoni, osati chifukwa chonama, koma chifukwa palibe amawerengera. Mayiwa anati mwina maola anayi. Mafoni a Android ali ndi gawo lotchedwa Digital Wellbeing limene limalemba maola a pulogalamu iliyonse. Ndi chilolezo chawo linatsegulidwa, ndipo linaonetsa maola 9 ndi mphindi 40 patsiku pa sabata yapitayo, foni ikutsegulidwa koposa ka 150 patsiku.

Nambala imeneyi payokha sithandiza. Munthu amene amadyera foni kumuuza kuti achepetse foni kuli ngati kuuza wakabaza kuti asiye njinga. Maolawo anagawidwa malinga ndi ntchito yake. Pafupifupi maola asanu anali a pabenchi: kutumiza ndi kutapitsa ndalama, kuona floti, kuyankha ofunsa mitengo ya kaunjika amene amatsatsa pa status ya WhatsApp. Ola limodzi ndi theka linali la m'minibasi ndi madzulo. Otsalawo, pafupifupi maola atatu, anali pakati pa 10 koloko usiku ndi 2 koloko m'bandakucha, pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok.

Funso loti "usiku mumayang'ana chiyani?" ndi limene linatsegula nkhani. Mu Meyi, munthu wina anawaonetsa uthenga wabodza wooneka ngati ndalama zalowa, iwo n'kupereka K180,000. Pofuna kubweza shotiyo kwa mwini layini, anakongola ku banki m'khonde, ndipo anali atalephera kubweza miyezi iwiri. Pagulu la WhatsApp la bankiyo mayina a osabweza ankatchulidwa madzulo aliwonse. Amuna awo ankaimba akaweruka cha m'ma 11 koloko, nthawi imene bandulo ya usiku imatsika mtengo, ndipo za ngongoleyo sankazidziwa. Akatha kulankhulana, mayiwa ankabwerera pagulu lija kukaona ngati atchulidwanso, kenako TikTok "kuti ndiiwale". Mwana akadzuka kuyamwa, dzanja limodzi linkagwira mwana, lina foni.

Mafunso a PHQ-9, oyeza kukhumudwa, amene alipo m'Chichewa ndipo anayesedwa kuno ku Malawi, anapereka 12 pa 27, kusonyeza kukhumudwa kwapakatikati. A GAD-7, oyeza nkhawa, anapereka 13 pa 21. Funso la maganizo ofuna kudzipha linafunsidwa mwachindunji, kawiri m'mawu osiyana, ndipo anakana. Iwo eni vuto lawo ankalitchula kuti kuganiza kwambiri.

Mmene zizindikirozi zikugwirizanirana

Mutu wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 5. Dokotala wa msana wa ku New York, Kenneth Hansraj, anawerengera mu 2014 kuti mutu ukaweramira kutsogolo madigiri 30 khosi limanyamula makilogalamu pafupifupi 18, ndipo pa madigiri 60 amafika 27. Nambalazi zimatchulidwa kwambiri, koma ndi zowerengera pakompyuta, ndipo akafukufuku ena sanapeze kuti owerama kwambiri ndi amene khosi limawapweteka kwambiri. Chimene chimaoneka mwa odwala ndi kutalika kwa nthawi imene khosi lakhala malo amodzi. Benchi ya mayiwa inali yofika m'mawondo, mpando wopanda chotsamira, foni pamiyendo kuti odutsa asaitsomphole. Ankakhala choncho kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Nkhawa nayo imaumitsa minofu yomweyo, kotero khosi silinkapuma ngakhale usiku.

Mapiritsi anali atasanduka mbali ya matenda. Munthu wodwaladwala mutu akamamwa mankhwala wamba opha ululu masiku 15 kapena kuposa pamwezi, kwa miyezi yopitirira itatu, mutu umayamba kubwera mankhwalawo akangotha mphamvu. Masiku 20 pamwezi kwa miyezi inayi ndi kupyola malirewo.

Vuto la chala ndi lotchedwa De Quervain, potengera dokotala wa ku Switzerland amene analifotokoza mu 1895. Mitsempha iwiri yokoka chala chachikulu imadutsa m'kanjira kothina pambali pa mfundo ya dzanja. Ikagwira ntchito mobwerezabwereza kanjirako kamakhuthala, mitsempha n'kumakhulika podutsa. Kulemba ndi chala chachikulu cha dzanja lomwe lagwira foni kumachita zimenezi, komabe n'kulakwa kuiunjikira foni mlandu wonse. Matendawa amadziwika kalekale mwa amayi oyamwitsa, amene amanyamula mwana m'khwapa chala chachikulu chitatambasuka, kambirimbiri patsiku. Onjezani kufinya matewera ndi kuwerenga ndalama za mapepala ndi chala chomwecho. Foni inali katundu wachinayi pa chala chotopa kale.

Maso: munthu amaphethira ka 15 mpaka 20 pamphindi, koma akatong'olera pagalasi la foni kuphethira kumachepa kwambiri, misozi yonyowetsa diso n'kuuma. Fumbi la ku Limbe m'chilimwe limawonjezera, ndipo Piriton amaumitsanso maso ndi kukamwa.

Pa tulo, kuwala kwa foni kumachedwetsako melatonin, timadzi timene timauza thupi kuti kwada. Mwa mayiwa chachikulu sichinali kuwala koma zimene ankawerenga. Munthu amene wangoona dzina lake pamndandanda wa osabweza ngongole sangagone ngakhale galasi la foni litachita mdima. Ankagona maola anayi kapena asanu odukizadukiza, pamene munthu wamkulu amafunika osachepera 7. Kusagona kumakulitsa ululu ndi nkhawa, nkhawa imabwezera munthu pafoni, ndipo chakumwa cha 3 koloko chija chinali chikadali m'magazi pofika nthawi yogona.

M'kaundula munalembedwa mutu wa kukanika kwa minofu wowonjezeredwa ndi kumwa mankhwala mopitirira, De Quervain kudzanja lamanja, kuuma maso, kusowa tulo, ndi nkhawa yokhala ndi kukhumudwa kwapakatikati. Simunalembedwe kuti ali ndi chizolowezi cha foni ngati matenda. Buku la matenda la World Health Organization, ICD-11, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022, lili ndi matenda a juga ndi a masewera apakompyuta, koma lilibe matenda a foni. Za juga anafunsidwa, poti kubetcha pafoni kwafala ndipo munthu wangongole amakopeka nako, koma anati sanayambe.

Chithandizo

Panado ndi Bufen zinaimitsidwa tsiku lomwelo, ndipo anachenjezedwa kuti mutu uyamba wakula kwa sabata imodzi kapena ziwiri usanatsike. Chenjezo limeneli likaiwalika wodwala amabwerera ku mapiritsi tsiku lachitatu, n'kunena kuti achipatala sadziwa kanthu. Apa panali kusemphana: chala chotupa chimafuna mankhwala ngati Bufen, koma mutu sukuwafuna. Anapatsidwa diclofenac wopaka, katatu patsiku pamalo opwetekawo, ndi malangizo oti asambe m'manja asanagwire mwana kapena bere. Nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, mphindi 10 mpaka 15 akaweruka. Piriton anasiyidwa. Diazepam, mankhwala ogonetsa, sanaperekedwe, chifukwa amazolowereka msanga ndipo amadutsa mumkaka.

Dzanja linavekedwa chomangira chogwira mfundo ya dzanja pamodzi ndi tsinde la chala chachikulu, nsonga ya chala yokha ili pamtunda, choti avale usana ndi usiku kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Bandeji yongokulunga sithandiza chifukwa chala chimayendabe. Anaphunzitsidwa kunyamula mwana polowetsa chikhatho chimodzi pansi pa matako, china kumsana, zala zonse zili pamodzi. Matewera azifinyidwa ndi mng'ono wawo amene amakhala naye. Pabenchi foni izigonekedwa, kudina kuzichitika ndi chala cholozera, ndipo ofunsa mitengo aziyankhidwa ndi uthenga wa mawu.

Kukweza foni kufika pachifuwa kunali kosavuta kunena koma kovuta kuchita, chifukwa foni yokwezedwa m'mbali mwa msewu ndi nyambo ya akuba. Njira inapezeka ndi iwo eni: kabokosi kathabwa kotseguka mbali yawo yokha, koikidwa pamwamba pa benchi, foni ili m'kati yotsamiritsidwa ndiponso yomangidwa ndi chingwe ku mwendo wa benchi. Mpando unasunthidwa kuti msana utsamire khoma la sitolo.

Zolimbitsa khosi zinali ziwiri zokha, poti zikachuluka sizichitika. Yoyamba, kukokera chibwano m'kati ngati wofuna kupanga zibwano ziwiri, maso ali kutsogolo, kugwira masekondi asanu, ka 10. Cholakwika chofala ndi kuweramitsa mutu m'malo moubweza m'mbuyo. Yachiwiri, kukokera mapewa m'mbuyo ndi pansi, masekondi asanu, ka 10. Zonsezi katatu patsiku. M'malo mowauza kuti aziimirira mphindi 30 zilizonse, zimene wogulitsa sangaziwerengere, anagwirizana zoti aziimirira akathandiza makasitomala asanu.

Kwa maso, lamulo la 20-20-20: pakatha mphindi 20, ayang'ane chinthu chili pamtunda wa mamita pafupifupi 6 kwa masekondi 20, akuphethira mwadala. Chikwangwani cha tsidya la msewu chinasankhidwa. Zilembo za foni zinakulitsidwa. Anapatsidwa madontho onyowetsa maso kanayi patsiku, ndi chenjezo loti asagule madontho a maso ofiira paokha, chifukwa ena ali ndi steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, amene akhoza kukweza mphamvu ya madzi m'diso ndi kubweretsa ng'ala.

Usiku ndi umene unatenga nthawi yaitali kukambirana. Foniyo inali tochi magetsi akazima, wotchi, alamu, ndiponso njira yokhayo yomvera za amayi awo odwala kumudzi. Kuizimitsa sikukanatheka. Anagula katochi, foni n'kumagona m'dengu kutsidya la chipinda kuyambira 9 koloko, itaikidwa pa Do Not Disturb yolola manambala awiri okha, ya amayi awo ndi ya amuna awo. Poyamwitsa usiku, tochi yokha. Johannesburg ndi Blantyre wotchi ndi imodzi, kotero kuimba kunasamutsidwira ku 6 koloko m'mawa bambowo asanapite kuntchito. Nthawi yodzuka inakhazikitsidwa pa 5:30 tsiku lililonse ngakhale agone mochedwa. Tiyi womaliza dzuwa lisanapendeke, chakumwa chopatsa mphamvu chinasiyidwa.

Mankhwala a kukhumudwa sanayambidwe. Pa mlingo umenewu, komanso gwero la nkhawa likudziwika, uphungu wothandiza munthu kuthetsa mavuto ake ndi woyamba, mofanana ndi njira ya Friendship Bench imene inayambira ku Zimbabwe. Ndi mlangizi analemba mavuto m'kope, n'kusankha limodzi: ngongole. Anakonza zokaonana ndi tcheya wa banki m'khonde maso ndi maso, kukapempha kubweza pang'onopang'ono sabata iliyonse. Gulu la WhatsApp linatsekedwa kulira, kuti aziliona kamodzi masana. Kuwerengera ndalama za tsiku kuzichitika pabenchi asanaweruke, osati pamphasa.

Mmene zinayendera

Atabwera patatha masabata awiri anali wokwiya. Mutu unali utakula masiku asanu ndi atatu oyamba, ndipo anamwa Panado kawiri. Kawiri m'masabata awiri si vuto, ndipo anauzidwa choncho. Chomangira ankachivula pabenchi chifukwa chinkachedwetsa kuwerenga ndalama, ndiponso makasitomala ankafunsa ngati amenyedwa. Apa chithandizo chinalakwika pokonza: palibe anawafunsa mmene amawerengera ndalama. Anaonetsedwa kuyala ndalama pathabwa n'kumazikoka ndi chala cholozera chamanzere. Foni ya usiku inali itatsika kufika mphindi 50. Kwa tcheya anali asanapite.

Pa sabata yachisanu ndi chimodzi mutu unali ukubwera masiku awiri pasabata, wopepuka. Maso anali atasiya kuyabwa. Anali ataonana ndi tcheya, dongosolo lobweza litavomerezedwa, ndipo amuna awo anali atauzidwa. Kuwauzako kunabweretsa mkangano wa pafoni umene unawabwezera ku TikTok mausiku anayi otsatizana, zimene zinaoneka bwinobwino pa Digital Wellbeing. PHQ-9 inali 8, GAD-7 inali 9.

Chala chokha sichinasinthe kwenikweni. Mwana anali akulemera, ndipo chomangira chinavalidwa mokhulupirika masabata anayi okha. Anatumizidwa kwa a mafupa, kumene anabayidwa jakisoni wa steroid m'kanjira ka mitsempha ija. Anauzidwiratu kuti pamalo obayidwapo khungu likhoza kuyera kapena kulowa m'kati pang'ono, zimene zimaoneka kwambiri pakhungu lakuda. Jakisoniyu saletsa kuyamwitsa.

Pa sabata ya 12 ululu wa chala unali utatha, kupatula akachapa zambiri. Padzanja panali kabanga koyera kukula ngati njere ya chimanga. Mutu unabwera masiku atatu m'mwezi wonse. Ankagona maola pafupifupi 6 ndi theka, mwana akudzuka kamodzi. PHQ-9 inali 5, GAD-7 inali 6. Maola a foni patsiku anali 6 ndi mphindi 50: a pabenchi sanasinthe konse, a usiku ndi amene anachoka. Khosi limawalemerabe kumapeto kwa mwezi, anthu akalandira malipiro ndipo mzere ukatalika moti kuimirira kumaiwalika.

Lipoti la munthu mmodzi silingasiyanitse kuti chinachiza mutu ndi chiti pakati pa kusiya mapiritsi, kabokosi, tulo ndi kutha kwa mantha a ngongole, poti zonse zinasintha nthawi imodzi. Ngongole yatsala magawo anayi. Mayiwa adzaonedwanso pakatha miyezi itatu, kapena msanga ngati masiku omwa Panado apitirira awiri pasabata, chala chayambanso kubaya, kapena foni yabwerera pamphasa. Ngati De Quervain ibwerera, jakisoni wachiwiri ndi wotheka, ndipo akalephera ameneyo padzafunika opaleshoni yaing'ono yotsegula kanjirako.